Njinga ya Malowolo a Amama

Ine matenda anga ndi njinga zakale. Ndikunena zakuda zija, zolemela, zimene munthu ukainyamula kuti uwoloke nayo mtsinje umafika kutsidya msana ukudandaula. Za m'sitolo za masiku ano zimanyezimila bwino, koma ikani matumba awili a nsawa pakaliyala muone, limu ya gudumu imapindika musanatuluke n'komwe m'mudzi. Ndili ndi kamsasa kanga kuseli kwa msika wa Lundazi. Ndimasaka mafulemu akale, kuwadula, kuwatalikitsa, kuwotchelela kaliyala wamkulu, mpaka ituluke njinga yonyamula mabelo a fodya popanda kulila.

Paboma pano zotsika mtengo zinatha kalekale. Anthu anatidziwa. Ukangoyang'ana fulemu yadzimbili kawili, mwini wake amayamba kuitchula kuti chuma cha makolo. Ndiye ine ndimapita kumidzi. Kumeneko umazipeza kuseli kwa nkhokwe, nkhuku zikugonapo, zina atatchingila nazo khomo la khola la mbuzi. Anzanga akalowa m'nyumba ya munthu amayang'ana nkhope ya mwini nyumba, ine maso amakhala kudenga. Mkazi wanga amati tsiku lina ndidzasuzumila mpaka m'bokosi la malilo kuona ngati mulibe handulo.

Chilimwe chathachi ndinapita ku Mphamba kukaona asibweni, mlongo wawo wa amama. Sindinawapeze, anali ku Chipata kukaonetsa maso. Ndinapeza akazi awo, mayi amene anakwatiwa pakhomopo zaka zochepa zapitazo, akazi oyamba atamwalila. Anandilandila bwino, monile monile, kenako anandituma kuti ndiwatsitsile dengu m'kachipinda kosungila katundu.

Nditakweza maso, za dengu ndinaiwala. Pamtanda wa denga panali njinga yakuda, yokulungidwa m'masaka, yomangidwa ndi luzi. Nditasolola saka limodzi ndinapeza chitsulo chonse chopakidwa gilisi. Matayala anali atafumbwa, koma fulemu, mayo ine, ngati yangotuluka dzulo!

Apa m'pamene munthu wanzelu akanaima. Ndani amapaka gilisi chinthu chimene anachitaya? Ndani amachifunditsa masaka? Koma ine dyela linali litanditseka kale m'maso.

"Iyi njinga ili ndi ntchito?" ndinafunsa, mawu ndikuwaziziletsa dala ngati sindikuifuna.

"Ntchito yanji?" anatelo akazi a asibweni. "Chibwelele ine pano sindinaionepo ikutsika. Ikungosunga makoswe. Mukandikonzela yangayi, imene tcheni chikumangogwa, tengani."

Ndinakonza tcheni chija, ndinamatanso chubu, mpaka mabuleki ndinawakokela osapemphedwa. Pobwelela ndinamanga fulemu ija kumbuyo kwa njinga yanga, njila yonse ndikuimba likhwelu. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

M'mawa mwake ndinaigoneka pansi n'kutenga sowo. Wogula anali kale, bambo wina wopikula nsawa, amene ankafuna njinga yoti thumba lina lizikhala pakati. Choncho chitsulo chapamwamba chija, chochoka pachishalo kupita kuhandulo, chimene ife timati mtanda, chinayenela kuchoka. Ndikudula ndinaona timizele tozokotedwa ndi tupa pafupi ndi handulo, tinayi toongoka bwino, kachisanu kokhota. Ndinangoti ndi ana osewela. Mtandawo ndinapatsa mayi wina wotcheza kachasu amene amadutsa pamsasa panga kupempha mapaipi otele, poti amati chitsulo cha njinga zakale sichiboola msanga. Njinga ndinaipenta buluu, mwini wake anaitenga, nkhani inatha. Ndimo mmene ndinkaganizila.

Tsono kwathu kunali nkhani ina imene ndinkaiona ngati yosakhudzana ndi njinga. Adada anali atamwalila chaka chapitacho. Amama anatsala m'mudzi wa adada, m'nyumba imene anamanga awiliwo, akulima dimba la m'mbali mwa mtsinje. Kwathu kuno mkazi amene malowolo ake anatha ndi wa mudzi wa mwamuna wake, amakalambila pomwepo, amaikidwa pomwepo. Koma mng'ono wawo wa adada, amene timawatchula adada aang'ono, dimba lija linkawasowetsa tulo. Anayamba kuuza akuluakulu kuti ng'ombe yomaliza ya malowolo sinapelekedwe, ndiye amama si a pamudzipo, abwelele kwawo ku Mphamba. Mayi wa imvi mbuu, wa zidzukulu, ati abwelele kwawo! Amene anaona malowolowo akupelekedwa ambili anagona kale. Akuluakulu anaika tsiku la Loweluka loti akhale pansi.

Ndinapalasa kupita kumudzi nditafufuma ndi ukali. Ndinapeza amama ali pamphasa, akuswa nsawa, nkhope ili myaa ngati palibe chikuchitika.

"Amama, anthu akufuna kukuthamangitsani, inu mukuswa nsawa?"

"Khala pansi, iwe," anatelo. "Asiye alankhule. Njinga ilipo."

"Njinga iti?"

Anandifotokozela akuswabe nsawa zawo. Chaka chimene adada ankamaliza malowolo, matenda anagwa m'makola, ng'ombe zinatha psiti. Adada anali ndi chinthu chimodzi chokha cha mtengo, njinga yawo. Agogo a ku Mphamba anavomela kuti ilowe m'malo mwa ng'ombe yomaliza. Popeza panalibe wodziwa kulemba bwino, anazokota pamtanda wa njingayo mizele ya ng'ombe zimene zinalowa kale, n'kuwonjezela wina wa njingayo, pamaso pa mbali zonse ziwili. Agogo atamwalila, asibweni anaipachika kudenga.

"Chaka chilichonse amakwela kudengako kukaipaka gilisi," anatelo amama. "Loweluka adzabwela nayo."

Abale anga! Ndinayang'ana manja angawa ngati ndi a munthu wina. Zaka zonsezi ndakhala ndikudzitama kuti palibe njinga imene ndingaione osaidziwa mbili yake, koma ya amama anga enieni ndinaigoneka pansi n'kuipondela ndi phazi kuti sowo ilowe bwino.

"Amama," ndinatelo, mawu akutuluka ngati a mwana. "Inali yokulunga m'masaka?"

Manja awo anaima.

"Waidziwa bwanji?"

Ndinawauza zonse, za tcheni, za sowo, za penti ya buluu. Ndinkayembekeza kuti akuwa, kapena andigenda ndi lichelo, ndipo ndikanakondwa.

"Unaidula," anatelo. Silinali funso.

"Ndinaidula."

"Pamizele paja?"

"Mtanda wonse ndinauchotsa. Uli kwa mayi wina. Wa kachasu."

Amama ndi mayi wa umanyano, bungwe la amayi a kutchalitchi, ndipo chibadwile chawo mowa sanaulawepo. Anagwila pakamwa. Kenako anatola nsawa ina n'kuiswa, koma ndinaona kuti njele zake anaziponya kumakoko.

Sindinamwe ngakhale madzi. Ndinapalasa kubwelela kuboma ngati ndikuthawa njuchi, ndinatola mapaipi awili abwino pamsasa, n'kulunjika kwa mayi uja. Ndinamupeza moto uli lawilawi pansi pa mtsuko, ndipo mtanda wa malowolo a amama unali utatuluka mumtsukomo, wadutsa m'chomwela cha madzi, kumapeto kwake kachasu akudontha m'botolo.

"Ndabwelela paipi yanga," ndinatelo.

"Yanu?" anaseka. "Mwayamba liti kulanda mphatso? Dikilani mtsuko uthe. Ndikaizula pano mowa wonse uthawa."

Ndinapempha, ndinagwada, ndinamuonetsa mapaipi awili aja. Anawatembenuza, kuwagogoda, kusuzumila m'kati ngati akugula mbuzi, koma mtsuko anati uthe basi. Ndinakhala pachitsa masana onse, anthu odziwana nane akudutsa n'kumandilonjela mwaulemu wonyoza, mawa lake msika wonse unkadziwa kuti wokonza njinga wayamba kumwa dzuwa lili pamutu. Ataizula inali yakuda bii ndi mwaye, yotentha. Ndinaipukuta ndi malaya anga. Mizele inalipo, yonse isanu. Ndinalila pamaso pa oledzela, sindibisa.

Loweluka tinakhala pansi pa mtengo pakhomo pa adada. Asibweni anafika chimanjamanja, diso limodzi lomata, ndipo sanandilonjele. Anangoti, "Safunsa anadya phula," akuyang'ana kumbali. Akuluakulu atafunsa za umboni, ine ndinadzuka n'kuika kachitsulo kaja pamphasa. Fungo linafika kwa anthu mawu anga asanafike. Ena anatseka mphuno, ena anabisa kuseka.

Adada aang'ono anaseka poyela.

"Umboni wake ndi umenewu? Tinamva kuti kuli njinga, lelo mwatibweletsela paipi ya kachasu! Mwana uyu ali ndi tupa pamsasa pake. Mizele angazokote ngakhale khumi."

Anthu anang'ung'udza movomeleza, ndipo ine ndinaona kuti zatha. Njinga yathunthu aliyense wachikulile akanaizindikila kuti ndi ya adada. Kachidutswa aka kakanatha kuchokela paliponse. Amama atuluka m'nyumba yawo, ndipo wowatulutsa ndine, ndi sowo yanga.

Amama anapempha kuti alankhule. Anatola chitsulo chija ndi manja awili, osasamala mwaye, n'kuyendetsa chala pamizele mpaka chinafika pa wokhota uja.

"Alamu," anatelo, akuyang'ana adada aang'ono, "inayi iyi anazokota ndi adada anga. Wachisanuwu anati azokote wa kuchimuna amene wabweletsa njinga. Akulu anu anali ndi malungo tsiku limenelo. Munaikankha ndinu, kuchoka pano mpaka ku Mphamba, chifukwa anakuletsani kukwela. Tupa inatelela, mzele unakhota, ndipo inakudyani chala. Amene anang'amba chitenje chake kukumangani ndine. Tionetseni chala chanu chachikulu cha kumanzele."

Chipsela chimenecho tonse tinakula tikuchiona, choyela, chodutsa pachikhadabo chimene sichinamelenso bwino. Sindinafunsepo kuti chinabwela bwanji. Ndinayang'ana adada aang'ono, munthu amene ankadziwa zonse kuyambila pachiyambi, amene anadya nsima ya amama zaka zonsezi. Iwo dzanja lija anali atalilowetsa kale m'khwapa.

"Tulutsani dzanja," anatelo mkulu wina.

Sanalitulutse. Anadzuka n'kumapita kunyumba kwawo, dzanja lili m'khwapa momwemo, ndipo palibe anawaitana. Za dimba sizinamvekenso.

Anthu atabalalika ndinapeza amama kuseli kwa nyumba akukwecha chitsulo chija ndi phulusa ndi mchenga. Ndinawauza kuti ndikamufunafuna bambo wa nsawa uja, ndimuombole njingayo, ndiwotchelele mtanda pamalo pake, palibe adzadziwe.

"Ine ndidzadziwa," anatelo. "Isiye igwile ntchito. Adada ako sankakonda chinthu chongokhala."

Anakwechabe. Kenako anaika chikhatho pakati pa chitsulocho, pamene penti yakale inali itapelepeseka mpaka kuyela.

"Apa ndi pamene ndinkakhala," anatelo. "Kaliyala inalibe nthawi imeneyo. Adada ako ankandikhazika apa, kuchoka kutchalitchi mpaka kufupi ndi kwathu, n'kunditsitsa anthu asanatione. Atapeleka njingayi anayenda wapansi zaka zisanu ndi chimodzi, kumunda, kuboma, kuchipatala iwe utadwala chikuku ali nawe kumsana. Sanadandaulepo ngakhale tsiku limodzi."

Njinga ya buluu ija ndimaionabe pamsika, itasenza matumba, ndipo ikamadutsa ndimapeza chochita pansi pa tebulo.

Fungo la kachasu silinachoke, ngakhale anakwecha masiku atatu. Amama anachikulunga chitsulocho m'chitenje n'kuchisomeka kudenga, pamwamba pa bedi lawo. Amayi a umanyano akabwela kudzacheza amanunkhiza m'mwamba n'kuyang'anana, iwo osawafotokozela kanthu. Ine anandiuza kamodzi kokha, ndikutsanzika kuti ndibwelele kuboma.

"Tsiku limene mudzandigoneke pafupi ndi adada ako, ichi udzachiike m'bokosi. Udzachiike ndiwe, ndi manja ako omwewo. Ndipo usachipente."