Tsiku limene a Muhiwa anatsikira m'dzenje

Ndikakumbukira a Muhiwa, ndimamva fungo la mkungudza wongocheka kumene, fungo limene linkawatsogolera akamatsika phiri la Mulanje atasenza thabwa, utuchi uli mbuu m'ndevu ndi m'makutu momwe. Sanali agogo athu enieni. Anali nkhalamba yoyandikana nafe, yokhala yokha m'kanyumba kopanda ngakhale nkhuku, ndipo ana tinkawaopa chifukwa ukawapatsa moni ankangoyankha ndi mphuno. Pamudzi ankati kale anali chidakwa chotheratu, mpaka akuchikazi anawapirikitsa, ndipo ana awo sanawaonenso.

Bambo anga ankalowera njira yomweyo. Iwo anachokera kutsidya kwa mtsinje wa Muloza, kuthawa chibalo cha Apwitikizi nkhondo ya Jeremani isanayambe, n'kudzakwatira amayi pachikamwini. Akakhala bwinobwino anali munthu wanthabwala, wodziwa kuluka nsengwa ndi kutiimbira nyimbo za Chilomwe. Kachasu anayamba ndi kulawa pochokera ku thangata kumunda wa mzungu. Kenako chimanga chinayamba kutsika m'nkhokwe ife osadya, kenako khasu la amayi linasowa. Wotumidwa ndi kachipanda kwa mayi wotcheza kachasu ndinali ine, ndipo madzulo amayi akamalira ndinkaona ngati misozi imeneyo ndabwera nayo ndine.

Tsiku lina m'mawa amalume, eni mbumba, analowa m'nyumba mwathu, natulutsa mphasa ya abambo ndi nkhwangwa yawo n'kuziika panjira. Ngakhale mwana ankadziwa tanthauzo lake: ukwati watha, mkamwini azipita. Abambo analibe mbale wowalankhulira, pakuti nkhoswe yawo inali itamwalira. Akanawoloka Muloza akanagwidwa, ndipo ife sitikanawaonanso. Anangokhala pansi atagwira mutu, fungo la dzulo likutuluka m'kamwa.

Ndiye a Muhiwa anatulukira, natola mphasa ija.

"Iyi ikakhala kwanga," anatero. "Ndipatseni munthuyu mpaka mvula igwe. Mnzanga wocheka naye matabwa wabwerera kwawo."

Amalume anaseka moipa. "Inuyo, a Muhiwa? Chidakwa chichiritse chidakwa chinzake?"

"Nanga mukufuna amuchiritse munthu wosadziwa mmene kukhosi kumayakira?"

Amalume analavulira pambali, koma anavomera. Asananyamuke, a Muhiwa anaima pakhomo pathu, naitana amayi ndi dzina langa. "Amake Maliya, mulekeretu kumubisa. Akadzagona panjira musamukokere m'nyumba kuti anthu asaone. Ndipo mwanayu asadzatumidwenso." Kenako anandiyang'ana ndi maso awo ofiira aja. "Mwanaka, si iwe unawaphunzitsa kumwa bambo ako. Wamva?" Ndinathawira kuseri kwa nkhokwe n'kulira mpaka kubanika, chifukwa panalibe munthu amene anandiuzapo zimenezo.

Kuphiri kunalibe kachasu, kunali chisanu ndi nkhungu basi. Ocheka matabwa ankakumba dzenje, n'kuyala mitengo pamwamba pake, n'kugonekapo chipika cha mkungudza. Macheka ake anali aatali, okoka anthu awiri. Katswiri ankaima pamwamba pa chipika kutsata mzere wa makala, wophunzira ankakhala m'dzenje kumakokera pansi, utuchi ukumugwera m'maso. Abambo anayambira m'dzenje. Anadzatiuza okha kuti masiku oyamba ankanjenjemera, kusanza ndi kutukwana, ndipo a Muhiwa sanawalalikire ngakhale pang'ono. Ankangowaphikira phala, n'kumawatchulira mayina a ana awo otayika aja, mmodzimmodzi.

Atatsika patapita miyezi, abambo anali atatuluka masaya. Amayi anaphika nyemba za kalongonda, ine ndinayenda mudzi wonse modzitama ngati ndine ndawachiritsa. Chimwemwe chake sichinakhalitse. Kunali dima kumunda kwa munthu wina, anthu akulimira mowa, ndipo wina ananyengerera abambo kuti kamodzi kokha sikapha. Dzuwa likupendeka anapezeka ali gone panjira ya kumtsinje. Amayi anawasiya pomwepo monga anauzidwira, koma ankasinja uku misozi ikugwera mumtondo.

Amalume anabwera akuwira. "Mwaona ntchito yanu, a Muhiwa? Basi, azipita!"

"Mvula yagwa?" anafunsa a Muhiwa. "Tinagwirizana mvula. Ine ndinagwa kangapo konse, kungoti panalibe wondidzutsa."

Anakweranso phiri. Ulendo uno ine ndi amayi tinawatsatira titasenza ufa ndi nandolo, motero zimene zinachitika ndinaziona ndi maso angawa. Abambo ankatsikira m'dzenje monga mwa masiku onse, mutu uli pansi, osayang'ana munthu. A Muhiwa anawagwira paphewa.

"Lero ukwera pamwamba."

Anzawo ocheka anasiya ntchito. "A Muhiwa, mwapenga kodi? Taonani manja akewo! Chipika chikagubuduka chipha wa pansi!"

"Wa pansiyo ndine," anayankha. Ndiye anatembenukira kwa abambo. "Mphwanga, pansi pa mapazi ako pakhala mutu wanga. Ukamwa, udziwe kuti ukundipha ine. Usamwe lero lokha. Zamawa tidzakamba mawa."

Nkhalamba ija, ndi chifuwa chake cholira ngati mvukuto, inatsikira m'dzenje n'kugwira macheka. Abambo anaima pamwamba pa chipika. Chiyambire kumwa panalibe amene anawadalirapo ngakhale ndi nkhuku, ndipo lero munthu anali atawapatsa moyo wake. Analira mokweza ngati mwana, pamaso pa amuna anzawo, kenako anapukuta maso ndi mkono n'kuyamba kukoka. Thabwa loyambalo linatuluka lokhota mochititsa manyazi. A Muhiwa analiyang'ana nati, "Tiye lina."

Sindinganame kuti ludzu linatheratu tsiku lomwelo. Linkabwerabe zaka ndi zaka, makamaka kukamveka ng'oma za mowa. Likabwera, abambo ankapita kukakhala pakhonde pa a Muhiwa, awiriwo n'kumanola macheka mpaka litapita. Koma sanamwenso. Mvula itagwa mphasa ija inabwerera m'nyumba mwathu. Amalume sanapepese, si khalidwe lawo, anangotumiza khasu latsopano kwa amayi.

A Muhiwa sanabwererenso pamwamba pa chipika. Anakhalabe m'dzenje mpaka chifuwa chinawagonjetsa, ndipo anamwalira popanda mbale wowalira. Anthu ankati angowakulunga mumphasa, koma abambo anakana. Anati munthu amene wacheka matabwa moyo wake wonse agone m'bokosi la mkungudza. Chipika chinalipo, dzenje lochekera anakumba kuseri kwa mudzi, koma wokoka naye macheka panalibe, pakuti anzawo onse anali kuphiri. Amalume anaima kanthawi akuyang'ana. Kenako anamanga nsalu yawo m'chiuno, natsikira m'dzenje.

"Tiyeni, alamu. Ine sindidziwa kucheka, muzindiuza."

Lero ndine nkhalamba, ndipo ukali wa a Muhiwa ndinatengako, anthu amatero. Ndikamva kuti kwa auje mwamuna kapena mwana wamira m'mowa, sindidikira kuitanidwa. Ndimapita, ndimauza mayi kuti aleke kubisa, ndimafunafuna kamwana kamene kamatumidwa n'kukauza kuti si mlandu wake. Ena amachira, ena ayi, ndipo zimandipweteka.

Ine ndinakhala ndi abambo mpaka imvi zinayamba kumera m'mutu mwanga, ndipo ndimathokoza. Chondiwawa n'chakuti ana a a Muhiwa sindinawadziwe, ngakhale mayina awo ndimawatchula pamtima. Anakula akudziwa kuti bambo awo anali chidakwa chopirikitsidwa pamudzi. Palibe amene anakawauza kuti munthu yemweyo ndiye anandibwezera bambo anga.