Makutu a Yusufu

Ndinanyamuka pa Mangochi m'mamawa, tiyi osamwa, mtima uli m'mwamba chifukwa cha chithunzi chimene chinkayenda m'mafoni. Yusufu, mwana wa mlongo wanga amene amasema ziboliboli ku Chembe, ankaoneka atabowola makutu, m'mabowomo muli timitengo takuda tonenepa ngati chala chachikulu. Che Amidu, bambo a mtsikana amene Yusufu anafunsira, anali atanena kale kuti mwana wawo sangakwatiwe ndi munthu wotero. Ine monga malume ndinatumidwa kukaona ndi maso.

Minibasi ya ku Monkey Bay inandidya K6,000, mpando wake theka. Pa Nkopola panakwera mayi wa dengu la usipa, ndipo pofika pa Nkope tinali titagawana zitumbuwa ndi mavuto omwe. Nditawaonetsa chithunzicho anandilimbitsa mtima kuti mwanayo sadzatayanso makiyi, popachika wapeza. Minibasi yonse inaseka, ine ayi.

Pa mphambano ya ku Chembe ndinakwera njinga yamoto. M'mapiri muja anyani ankatiyang'ana m'mbali mwa msewu, ine ndikukonza mawu oti ndikamulalatire.

Dzuwa lili paliwombo ndinamupeza pansi pa mtengo akupala kachidutswa ka mphingo. Moni sindinapereke. Ndinangogwira khutu n'kukoka, chinthu chija n'kuthothoka, kugwera mumchenga. Kunena zoona ndinachita mantha, ndimati ndadula khutu la mwana wa eni. Koma khutu linali bwinobwino, lopanda ngakhale kabowo ka singano.

"Amalume, ndi ndolo zabodza izi," anatero akupukuta misozi ya kuseka. "Timitengo tiwiri, kutsogolo ndi kumbuyo, timagwirana ndi maginito. Azungu amagula kuti akaopseze makolo awo."

Manyazi ndinawamezera limodzi ndi mpunga wa chambo umene anandigulira. Pobwerera ndinatenga ndolo ziwiri ngati umboni.

Madzulo, nditafika pa geti la Che Amidu, satana anandinong'oneza. Ndinazivala zonse ziwiri, n'kukonza kofiya kumutu, n'kulowa ndi salamu yaulemu. Mkuluyo anaika kapu ya tiyi pansi pang'onopang'ono.

"Che Saidi, tinakutumani kukabweza mwana. Ndiye mwakalowa nokha?"

Ndinawasiya avutike kaye, ndikuwafunsa za mvula ndi mitengo ya chimanga. Kenako ndinachotsa imodzi n'kuwaikira m'manja. Anandipinda khutu uku ndi uku ngati akugula mbuzi, n'kunena kuti ukwati ulipo, bola pa tsikulo mkamwini adzabwere ndi makutu amene Mulungu anamupatsa.

Ulendowu unandiphunzitsa kuti chithunzi cha pafoni ndi mboni yoipa, khutu umachita kuligwira. Ndolo zija sindinabwerere nazo. Che Amidu anazibwereka, akuti mayi a kunyumba kwawo anali pafupi kufika kuchokera kumsika, nawonso alawe mantha.