Ng'ona Yomwe Inkagona M'nyumba Mwanga

Mwana wanga wachisamba atabwerako ku Beira, komwe ankayendetsa galimoto ya hotela ina ya m'mphepete mwa nyanja, anafika ndi zikwama ziwiri. China chinali cha zovala. Chinacho chinali chachitali koma chopepuka, ndipo sanalole kuti wakabaza achimangirire panjinga. Anachinyamula yekha paphewa kuchokera pa boma la Nsanje mpaka kumudzi. Ndinamuona ndili pakhonde, n'kudziwa kuti mulimo kanthu. Munthu sakana kulandiridwa katundu popanda chifukwa.

"Muli chiyani umo?" ndinamufunsa asanakhale n'komwe pansi.

"Muli ng'ona, mama," anatero akuseka.

Ine sindinaseke. Kuno kumtsinje mawu amenewo sitisewera nawo.

Inali kaiti, chomwe kutsidya, ku Beira uko, amati papagayu. Osati timapepala tija ana amamanga ndi mapesi, ayi. Ichi chinali chinsalu chobiriwira, choterera ngati cha ambulera, chosokedwa ngati ng'ona yeniyeni, mano, maso, zikhadabo ndi mchira zonse zilipo. Atachitambasula pabwalo chinaposa bwato la asodzi kutalika. Mwana wanga anati bwana wake ankaziulutsa pamchenga wa kunyanja, ndipo pochoka m'dzikomo anamusiyira imodzi. Ndinafunsa ntchito yake. Anati ilibe ntchito, n'zongosangalatsa mtima basi. Mwamuna wamkulu, wa ana anayi. 

Nyumba yake inali yaudzu ndipo makoswe anali atamanga mudzi kudenga, choncho anapempha kuti chikwamacho chizikhala kwa ine kumalata. Ndinakana kaye. Kenako ndinalola, koma ndinamuuza kuti asauze munthu. Tinachipachika pamtanda wa denga m'chipinda changa.

Mwina wowerenga wakutali sangamvetse chomwe ndinkaopa. Kuno ng'ona ikagwira munthu, anthu safunsa ngati inali ndi njala. Amafunsa kuti yatumidwa ndi yani. Amati alipo anthu oweta ng'ona, amaibisa m'nyumba, n'kumaitulutsa akafuna kulanga mnzawo. Ndipo chala sichiloza mnyamata wanyonga. Chimaloza nkhalamba yokhala yokha, makamaka ngati inaika mwamuna ndi ana koma iyo ikadali moyo, ndiponso ngati inachokera kutsidya kwa malire nthawi ya nkhondo ija. Zonsezo ndine. Ndili mtsikana ndinaonapo mayi wina akutuluka m'mudzi ndi mphika umodzi kumutu, nyumba yake ikufuka utsi kumbuyo. Amene anayatsa anali anthu omwe ankadya nawo mbale imodzi.

Nyengo ya mwera itafika, madzi a Shire anaphwera n'kusiya mchenga wotakasuka kumunsi kwa dooko lathu. Kumeneko ndi komwe ankakaulutsira. Ankayamba wadzaza matumba ndi mchenga n'kumangirirapo chingwe chokhuthala ngati chomangira ng'ombe. Kenako ankakweza kakaiti kakang'ono kotsogolera, kenako n'kutsegula pakamwa pa ng'onayo molunjika kumphepo. Inkamwa mphepo pang'onopang'ono, mutu n'kutupa, mimba n'kutupa, miyendo n'kutambasuka, mpaka inkadzuka pamchenga n'kukwera, mchira ukugwedezeka ngati ikusambira. Mthunzi wake unkayenda pamadzi, mbuzi n'kuthawa.

Anthu ankabwera ambiri. Asodzi ankamuseka.

"Achimwene, imeneyi imadya chiyani?"

"Mphepo basi!"

"Ndiye mutibwereke, kwathu ana akudya zomwezo!"

"Mukaitsitse, apongozi anu akubwera, angakomoke!"

Ine ndinkakhala patali pansi pa mtengo wa msawu. Kumwamba sindinkayang'anako kwenikweni. Ndinkayang'ana nkhope za anthu, kuti akuseka ndani, sakuseka ndani. Amene sankaseka anali mkazi wa msodzi wina woyandikana nane nyumba. Ine ndi banja limenelo tinakanganapo za malire a dimba, ndipo ngakhale nkhaniyo inatha, ine sindikhulupirira nkhani zotha.

Cholakwa chinachitika padooko, tsiku lomwe kunabwera ogula nsomba a midzi yakumtunda, anthu omwe kaitiyo anali asanaionepo. Asodzi anafunsa mwana wanga kuti ng'ona yake ili kuti lero. Iye, ndi pakamwa pake potayirira paja, anayankha mokweza kuti, "Yagona kwa mama. Amaisunga ndi iwo kuchipinda. Tiitulutsa Loweruka." Asodzi anaseka. Akumtunda aja sanaseke. Anamanga nsomba zawo panjinga n'kupita nawo mawuwo.

Loweruka mphepo sinabwere, ndipo chikwama sichinatsike pamtanda. Koma m'mawa wa tsiku lomwelo msodzi woyandikana nane uja akuonjola ukonde m'bango, ng'ona yeniyeni inamugwira mwendo. Anzake anaimenya ndi nkhafi mpaka inamusiya. Anathamangira naye kuchipatala cha pa boma ali moyo, koma mwendo utaphwanyika.

Palibe anabwera kudzandiuza kanthu. Zotere sanena pamaso. Ndinangoona kuti ndikafika pamjigo macheza akuduka, ndipo akundipatsa malo kuti nditunge msanga. Wopempha mchere sanabwerenso. Kutchalitchi benchi yanga inatakasuka mbali zonse ziwiri. Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, mwala unagwa padenga langa. Pomaliza mpongozi wanga, mkazi wa mwana wanga uja, anandiuza akupeta mapira osandiyang'ana, kuti anthu akuti ng'ona inatulukadi Loweruka monga mwamuna wake analonjezera, kungoti sinapite kumchenga.

Mwana wanga anapsa mtima. "Mama, tiyeni kwa amfumu. Kapena kwa akulu ampingo. Mudzi wonse unaona kuti ndi nsalu!"

"Anaona nsalu ili pamchenga," ndinamuuza. "Akufunsa kuti ikalowa m'chipinda mwanga imakhala chiyani."

"Ndiye ndiichotse, ndikaisunge kwanga."

"Aziti ndaibisa."

Kubwalo sindinafune. Mlandu wa ufiti ulibe wopambana. Ukaluza akuthamangitsa, ukawina amati walodza oweruza. Komanso amfumu ndi msuweni wa msodzi wovulalayo, ndipo akulu ampingo ena ndi omwe ankasuntha pabenchi paja. Ndinaganiza ndekha, osauza munthu, monga ndimachitira.

Mwera utabwerera ndinamuuza kuti akaulutse Lamlungu anthu akatuluka m'mapemphero. Anasangalala, ankayesa ndikufuna anthu aonenso kuti ndi choseweretsa. Ndinanyamula chikwamacho ndekha pamutu, kudutsa pakati pa mudzi, kuti aliyense aone kuti chikuchokera kwa ine. M'chitenje ndinakulungamo sizasi yanga yosokera.

Tsiku limenelo inauluka bwino kuposa masiku onse. Anthu anabwera, koma anaima patali ndipo nthabwala kunalibe. Mwana wanga ataitsitsa, isanaphwe n'komwe mphepo, ndinapita n'kugwada pambali pake n'kulowetsa sizasi pakhosi. Inapuma kamodzi, phwiii, n'kufota.

"Mama! Mukutani?"

"Ndikusenda. Gwira uko."

Sanagwire. Anangoima, manja ali m'magolovesi ake okokera chingwe, akundiyang'ana ngati sakundidziwa. Ndinapitiriza ndekha. Nsaluyo inali yolimba, zala zinandipweteka. Ndinadula zigamba zikuluzikulu n'kuziyala pamchenga, kenako ndinatembenukira kwa amayi omwe anaima patali aja.

"Nsalu iyi silowa madzi. Mvula ikubwera, ndipo mukudziwa zomwe mtsinje uwu umatichita. Wofuna kuphimbira ufa, mbewu, makope a ana, atenge. Sindikugulitsa."

Palibe anasuntha. Ndinkadziwa kuti zitero, ndinkadziwanso kuti sizikhalitsa, chifukwa anthu a kuno ndawaonera pamzere wolandira mapepala ofolera nthawi ya madzi osefukira. Woyamba anali mayi wina wogulitsa nsomba zouma pa boma, yemwe saopa chilichonse koma mvula. Anatola mwendo wakumbuyo, n'kuukoka kuti aone kulimba, n'kunena kuti, "Ii, pyadidi izi, agogo, nsalu yabwino zedi. Wonjezerani kamchira." Atangotero, onse anakhamukira. Ena omwe ankaduka macheza pamjigo anakanganirana msana. Mkazi wa mkulu wampingo anatenga mutu, mano ndi maso omwe.

Chigamba cha pamimba, chachikulu kuposa zonse, ndinachikhalira. Mkazi wa msodzi wovulala uja anali ataima kumapeto, manja atapinda. Ndinanyamuka n'kukamuikira m'manja anthu onse akuona.

"Denga lanu likudontha, ndipo bambo akunyumba sakwera padenga chaka chino. Tengani."

Anayang'ana nsaluyo, anayang'ana anthu, aliyense ali ndi chigamba chake kukhwapa. Akanakana akanayenera kunena chifukwa, ndipo chifukwacho chikanagwira mudzi wonse. "Takhuta," anathokoza monga timanenera kuno, motsitsa mawu, n'kuipinda.

Kuyambira tsiku limenelo ng'ona ija inkagona m'nyumba iliyonse. Wofuna kunena kuti kuisunga ndi ufiti anayenera kuyamba wayang'ana pamwamba pa thumba lake la ufa. Nkhani inazirala. Opempha mchere anabwerera, ndipo ndimawapatsa, koma ndikuwadziwa.

Mwana wanga sanadye kwanga mpaka mvula inagwa. Atayambanso kubwera anandiuza kuti ndinapha chinthu chomwe sichinalume munthu. N'zoona, sindinamutsutse. Kakaiti kakang'ono kotsogolera kaja ndinamusiyira, ndipo mwera ukabwera amapitabe nako kumchenga yekha, kumaima pamenepo mutu uli m'mwamba. Anthu sapitako, kulibe choonera. Chingwe chachikulu ndimamangira mbuzi.

Madzi atasefukira chaka chimenecho, tikuthawira kumtunda, ndinaona zigamba zobiriwira pamitu ya anthu mumzere wonse, apa chikhadabo, apo diso. Msodzi uja anali m'gulumo, akutsimphina ndi ndodo. Masiku ano akandiona amapereka moni, nanenso ndimayankha. Nthawi zina amanditumizira mlamba. Ndimathokoza, n'kupatsa galu kaye.

Mwamuna mmodzi yekha, wokhala kuseri kwa mjigo, sanatenge chigamba tsiku lija, ndipo analetsa mkazi wake kutenga. Sananenepo kanthu mpaka lero. Mpando wanga pakhonde ndinausuntha kuti uziyang'ana kunyumba kwake.