Chaka Chimene Mawondo Anga Analekana

Kansungwi kameneko kankakhala kutsindwi, pamwamba pa chitseko. Amayi anakadula molingana ndi mpata wa pakati pa akakolo anga tsiku limene tinabwerako kuchipatala. Ndinali ndi zaka khumi. Mawondo anga ankagundana mpaka kunyuka, mapazi ali kutalikutali, ndipo kusukulu kwathu ku Mkanda anzanga ankanditcha Sizasi.

Amalume ndiwo anamva kwa dalaivala wina pa boda kuti ku Blantyre kuli madokotala owongola miyendo ya ana. Tinanyamuka titangokumba mtedza.

Nditatsitsimuka opaleshoni itatha, fungo la mankhwala lili tho m'mphuno, ndinavundukula nsalu. Miyendo inali yokhota ngati kale. Ndinalira ndi ukali. Dokotala anafotokoza kuti waika kachitsulo kumbali ya mkati ya bondo lililonse kuti mbali imeneyo iyambe yaima kukula, ndipo inayo ikamakula mwendo uziwongoka wokha.

"Ife tangoika chitsulo," anatero. "Ntchito yotsala ndi ya mwanayu. Akule basi."

Kumudzi anati atinamiza. Azakhali ananena ine ndili pomwepo kuti andicheka pachabe. Lero sindiwada, chifukwa ndi maso panalibedi choona. Mwezi ukangooneka amayi ankandiimika pakhonde, mawondo pamodzi, n'kuyesa kansungwi kaja. Miyezi iwiri kanalowa bwinobwino. Wachitatu kanakana. Anatenga mpeni n'kudulako kachidutswa ngati chikhadabo, kenaka anandituma kukawapatsa azakhali.

Mvula inagwa, chimanga chinatha m'nkhokwe, koma mpeni unkadulabe. Pofika nthawi yokolola kanatsala ngati chala changa chaching'ono, ndipo tinabwerera kukachotsa zitsulo. Teremu yotsatira aphunzitsi anandiika pa mpikisano wothamanga. Ndinakhala wachinayi. Ndimazinenabe monyadira, chifukwa kumbuyo kwanga kunali atsikana asanu, mmodzi mwa iwo ndi amene anayambitsa dzina lija.

Ndinkauza aliyense kuti miyendoyi ndawongola ndekha, poti dokotala anatero. M'miyezi yanjala ija, dzira lililonse limene nkhuku yathu inaikira linkafika m'mbale yanga, ndipo phala langa lokha ndi limene linkakhala ndi nsinjiro. Amayi ankati masiku amenewo zamafuta zikuwapweteketsa m'mimba. Ine ndinkawamvera chisoni, ndikunyambita supuni.