Ndinakwirira Chingwe cha Faiba Pansi pa Mzere

Inu owerenga, ine ndinamangitsa munthu wosalakwa chifukwa cha ulesi wa tsiku limodzi. Chimandichititsa manyazi n'chakuti ndine mwana wa mlimi, khasu ndimalidziwa.

Ndinali kapitawo wa gulu lokumba ngalande zoyalamo chingwe cha faiba, chija chimanyamula intaneti. Chingwecho chinali cha onse: makampani a mafoni, chipatala, masukulu ndi maofesi a pa boma anagwirizana kugwiritsa ntchito chimodzi m'malo moti aliyense akumbe njira yake. Lamulo linali lakuti ngalande ifike m'chiuno, ndipo pamwamba pa chingwe tiyale riboni yochenjeza aliyense wokumba.

Kupitirira pa Chimbiya, njira yathu inatsata mzere wam'mphepete m'munda wa a Chisale, bambo wachikulire wolima chimanga ndi kachewere. Titakumba mzerewo n'kutsika pang'ono, tinapeza thanthwe. Mapiki ankangolira. Kuyeza kuchokera pamwamba pa mzere, ngalande inalekera m'mawondo. Ndinati basi, khasu lanji lingafike kumeneko? Riboni inali itatha, ndipo kudikira ina ndinaona ngati kutaya nthawi. Tinakwirira, ine n'kulemba kuti zonse zatsata lamulo.

Ndinaiwala zimene mwana aliyense wa ku Dedza amadziwa, kuti mzere sukhala pamodzi zaka ziwiri. Pogalauza, mlimi amaswa wakale n'kuunga watsopano pambali pake. A Chisale ataswa mzere uja, chingwe chinatsala pamtunda, khasu n'kuchidula. Intaneti inazima kuchipatala mpaka kumaofesi onse.

Mabwana atandiimbira foni, ndinaumitsa khosi. Ndinati ngalande inali yakuya bwino, choncho wodulayo anachita kukumba dala. Masiku amenewo anthu oononga zingwe ankasakidwa kwambiri, ndiye a Chisale anatengedwa ndi apolisi. Mvula yoyamba inagwa iwo ali m'chitokosi, anzawo akubzala. Ine ndinkadziwa, koma ndinapitiriza kubisa choonadi.

A Chisale anatulutsidwa mainjiniya atafukula malowo n'kupeza thanthwe, riboni palibe. Ntchito inandithera pomwepo, ndipo sindidandaula. Koma chimanga cha a Chisale chinabzalidwa mochedwa, chaka chimenecho banja lawo linadalira ganyu.

Inu amene mumakumba m'minda ya anthu, yezani kuchokera pansi pa mzere, ndipo funsani mwini munda mmene amalimira. Mukalakwitsa, vomerani wina asanalowe m'mavuto, chifukwa kupepesa sikubweza mvula.

Ine ndinapita kukapepesa patatha chaka. Ndinapeza mizere isanu yam'mphepete ili thengo lokhalokha, ngakhale chingwe anali atachisunthira kutsidya kwa msewu. A Chisale sanandikalipire. Anavula chipewa, n'kuloza pathengopo.

“Bwana, inu ndi amene mumadziwa. Kodi pamenepa ndingalime?”