Njerwa ya tsabola kuseri kwa chitseko

Nditakwatiwa ku Chifunda ndinapeza kuti chimanga chimagona m'nyumba ngati munthu. Kwathu ku Chipata chimakhala m'nkhokwe, koma kuno njovu zimaphwasula nkhokwe ngati zikusenda nthochi. Choncho matumba athu onse, chakudya cha chaka chathunthu, tinawasanja m'chipinda chaching'ono moyang'anana ndi chathu.

Njovuzo tinkazithamangitsa ndi njerwa za tsabola. Umasakaniza ndowe zawo ndi tsabola wosinja, kuumba, kuyanika. Madzulo ukayatsa imodzi kunja, imanyeka pang'onopang'ono popanda lawi, ndipo utsi wake njovu sizifuna n'kuumva komwe.

Amuna anga ndi munthu wosataya kanthu, ngakhale msomali wopindika amausunga. M'mawa wina m'nyengo yotentha anatola chotsala cha njerwa yadzulo, nachigogoda pansi, n'kuona kuti chazima. Anachiika kuseri kwa chitseko cha chipinda cha chimanga kuti chidzagwirenso ntchito, iwo n'kukwera njinga kupita kumaliro. Ine zonsezi sanandiuze.

Dzuwa litakwera ndinayamba kuyetsemula. Ndinati ndi chimfine. Kenaka maso anayamba kuwawa, misozi mbwembwembwe, chikhalirecho palibe wandikhumudwitsa. Alamu anga, mlongo wawo wa amuna anga, atabwera kudzabwereka sefa, nawonso anangoti kulowa, chifuwa chayamba.

"Mulamu, mwaphika chani kansi?" anandifunsa.

"Sindinaphike kalikonse. Onani mbaula, yozizira."

"Manje ichi chotsamwitsa chichokera kuti?"

Tinafufuza ngati anthu otaya singano. Tinagwira batire la sola, lozizira. Tinasuzumira kudenga, udzu uli bwinobwino. Ndinanunkhiza ngakhale chitenje changa. Ine ndinkadziwa kuti moto umaoneka, umalilima, anthu amakuwa. Uwu unali wamtundu wanji wosaoneka? Ndinachita mantha, ndipo mutu unaima. Alamu anayamba kale kutchula mayina a anthu amene satifunira zabwino.

Kenaka tinamva phokoso ngati mvula yayamba pa malata, pamene nyumba yathu ndi yaudzu. Ndinakankha chitseko cha chipinda chija. Thumba lapansi linali litasungunuka mbali imodzi, chimanga chikukhuthukira pansi, china chakuda bii. Utsi unatiwomba m'maso. Moto unali utadya chisaka chakale chimene tinayala pansi, n'kulowa kunsi kwa mulu wonse.

Tinathira madzi onse a m'nyumba, ndi akumwa omwe. Anansi anathamanga ndi zidebe, aliyense akuthira uku akutsokomola ndi kutukwana. Moto unazima, koma matumba amene sanapse ananyowa onse.

Amuna anga atafika anaima pakhomo, njinga ili m'manja. Ndinawaonetsa phulusa la njerwa limene tinapeza kuseri kwa chitseko.

"Koma inali yozima, amake mwana. Ndinaigwira ndi dzanja langa."

"Kunja kokha, atate ake. M'kati munaonamo?"

Ndinali nditakwiya moti ndikanatha kuwamenya ndi sefa ija, koma nkhope yawo inandimvetsa chisoni. Kuyambira tsiku limenelo chotsala chilichonse timachiphwanya, kuchimiza m'madzi, n'kuchisiya kutali ndi nyumba. Koma nzeru zimenezo zinabwera mochedwa.

Chimanga chonyowa sichibwerera m'thumba, chimaola. Tinachiyanika pabwalo ponse, pa mphasa, pa matenti obwereka, ngakhale pa nsalu zofunda. Dzuwa linalowa chisanaume. Kuchilowetsa sitikanatha, kuchisiya panja ndiye kuitana njovu zija. Tinakhala pakhonde tikuchiyang'ana, osadziwa chochita.

Chakumtsinje nthambi inathyoka, kenaka ina. Amuna anga analowa m'khitchini, natuluka ndi njerwa yatsopano ndi machesi.

"Amake mwana, ndiyatse?"

Ndinayang'ana chimanga, ndinayang'ana udzu wa denga lathu. Nthambi ina inathyoka, pafupi kuposa zija.

"Yatsani," ndinatero. "Koma pano sitichokapo."