Makina a madzi anaikidwa chopendekeka, akuti mlandu ndi siginecha ya amuna anga

Masiku asanu ndi anayi. Ndiwo moyo wonse wa makina oziziritsa madzi omwe ndinagula ku kampani ina ya ku Zinniaville. Kuyambira Lachitatu ali zii pakona ya shopu yanga, lero Loweruka, ndipo eni kampaniyo akuti wolakwa ndine.

Abale a pagulu lino, ambiri mumandidziwa, ndine Nambewe wa shopu ya madzi ku Boitekong. Dzina la kampaniyo sindilemba pano. Wolifuna abwere ndimuuze pamaso, ndimuone kaye kuti ndi ndani.

Ine ndimagulitsa madzi osefa. Anthu amabwera ndi zigubu zawo, koma otuluka shifiti ku mgodi amafuna ozizira, ndipo filiji ya m'nyumba sinkakwanitsa. N'chifukwa chake tinagula makinawa. Ndi chinthu chachikulu, chondifika pachifuwa, thanki ya madzi ili m'kati momwemo. Mtengo R64,000, kudzaika R3,800. Ndalamazo musaziyese za bizinesi. Amuna anga, a Chisale, anagwira ntchito pansi mu mgodi zaka 27, fumbi linawadya mapapo, ndipo zimenezo ndi zomwe anawapepesa nazo. Sizibweranso kachiwiri. Munthu ali ndi chifuwa chimodzi.

Tsiku logula ndinamuuza wogulitsa katatu kuti simenti ya m'shopu mwanga ndi yotsetsereka. Anaithira okha a Chisale, ndipo anaipendeketsa dala kuloza kukhomo kuti madzi otayika azituluka okha, monga amachitira ku mgodi. Wogulitsayo anati ndisade nkhawa, anthu awo amaika makina mpaka m'mahotela. Ndinati zalembeni. Analemba ine ndikuona.

Anati abwera Lachiwiri 9 koloko m'mawa. Anafika 1:40 masana. Amuna atatu pa baki, galimoto yotsegula kumbuyo ija. Wamkulu wawo anali ndi mapepala m'manja, kumutu chipewa choyera cholimba chija amavala akuluakulu a ku mgodi. M'shopu ya madzi ku Boitekong, n'chiyani chikanamugwera pamutu? Wina mwa iwo atamva ndikulankhula ndi amuna anga anaseka, nati ndi wa ku Mangochi. "Agogo, lero muli m'manja mwa m'bale wanu." Ndinamuyankha kuti chibale tichiona ntchito ikatha.

Anatsitsa, anakankhira pakona, analumikiza mapaipi, anayatsa. Mphindi 35 zokha, wachipewa uja anayamba kupukuta manja.

Ndinafunsa kuti levulo ili kuti. Mukuidziwa, kamtengo kaja ka amisiri kokhala ndi kathovu pakati, koonera ngati chinthu chaima bwino. Anati yatsalira m'galimoto ina. Ndinatenga buku lomwe linabwera ndi makinawo n'kumutsegulira. Chizungu changa n'chochepa, koma chithunzi sichifuna sukulu. Miyendo inayi, uliwonse wopotokola ndi sipanala kuti utalike kapena ufupike, levulo ili pamwamba. Iye anati miyendoyo anaitchera kale ku fakitale.

Ku fakitale anaiona liti simenti ya a Chisale?

Ndinakankha makinawo ndi dzanja limodzi. Gwede gwede. Mukudziwa chomwe anachita munthu wa R3,800? Anang'amba katoni yomwe munali makinawo, anaipinda kanayi, n'kuilowetsa kunsi kwa mwendo wakutsogolo ndi nsapato. "Shapu, zili bwino, Gogo."

Ine sindine mwana. Ndinathira madzi m'mbale n'kuika pamwamba pa makinawo. Madzi onse anathamangira mbali yakukhomo. M'bale wanga wa ku Mangochi uja anati, "Agogo, mbale yanuyo ndi yopindika." Ndinatenga ina. Chimodzimodzi. Ndinamufunsa ngati mbale zonse za m'nyumba mwanga zapangana kupindika lero. Anayang'ana kudenga.

Ndinawauza mosabisa kuti sindisayina pepala lililonse mpaka levulo ibwere. Wachipewa anati palibe vuto, koma ndingoliwerenga kaye pepalalo kuti ndidziwe zomwe zilimo. Magalasi anga anali m'nyumba, kuseri kwa shopu. Apa ndi pomwe ndinalakwa, ndikuvomera. Ndinapita kukatenga. Mphindi zinayi sizinakwane. Pobwera ndinapeza baki ikubwerera chambuyo kulowa mumsewu, a Chisale ataima pakhomo ndi pepala lachikasu m'manja.

Ndinavala magalasi. Mzere wachisanu ndi chiwiri ukuti makina aikidwa, ayesedwa ndi levulo, aima bwino, kasitomala wakhutira. Pansi pake dzina la amuna anga, lolembedwa ndi dzanja lawo.

Nthawi ya 3:05 ndinaimba ku ofesi. Anayankha mayi wa mawu okoma ngati wa pa wailesi. Anati walemba dandaulo langa, andiimbira. Lachitatu ndinaimbanso 8:30, kudandaula kuti makina akuchita phokoso. Anati makina atsopano amachita phokoso, azolowera. Azolowera! Ndi mkamwini kodi? Ndinamufunsa mwachindunji kuti ndizimitse kapena ayi. Anati ayi, kuzimitsazimitsa ndi kumene kumaononga, ndiasiye oyaka mpaka anthu abwere. Ndinalemba mawu akewo ndi nthawi yake kuseri kwa kalendala. Lachinayi anati timu ili ku Chaneng. Lachisanu anati timu ikadali ku Chaneng. Ku Chaneng kuli makina angati, abale?

Popeza sindikhulupirira munthu, tsiku loyamba lomwelo ndinatenga choko n'kuzungulira mwendo uliwonse pasimenti, kenako ndinajambula pafoni. Ndinkati umenewu ndi umboni wanga.

Makinawo ankalira ngati chigayo. Madzi ankadontha pakona yakutsogolo, pomwe panali katoni paja. Katoni ikanyowa imatani? Pofika Lamlungu inali phala. Ndipo inu a kuno mukudziwa zomwe zimachitika madzulo akaphulitsa miyala pansi ku mgodi, mabotolo pa shelefu amagundana okha. Makina oima ndi miyendo itatu angalimbe bwanji pamenepo? Tsiku lililonse ndinkaona akusendera kukhomo pang'onopang'ono. Lolemba ndinaimba kawiri. Kachiwiriko foni inangolira mpaka kudula.

Lachitatu 11:20 m'mawa, ndikuthirira kasitomala, ndinamva fyuuu kumbuyo kwake ngati tayala laphulika. Injini inalira kwa kanthawi, kenako zii. Pofika masana madzi anali ofunda ngati osamba. Otuluka shifiti anabwera, anagwira chigubu, n'kupitirira kwa wina.

Pamenepo ndiye kampani inapeza msewu wa ku Boitekong. Dzulo Lachisanu, 10:15, kunabwera mmisiri wina, osati aja. Ameneyu anali ndi levulo. Yaitali, yachikasu, yonyezimira. Kani ilipo! Anaiika pamwamba, kathovu kanathawira kumapeto. Anatsegula kumbuyo nandionetsa kapaipi ka kopa kosweka polumikizira. Anati kasweka ndi kugwedezeka, mpweya woziziritsa watha wonse, ndipo mwina injini nayo yapsa. Kenako anati galanti, lonjezo lija loti chikaonongeka chaka chisanathe akonza ulere, siigwira ntchito pa makina oima chopendekeka. Kukonza ndi R21,000, ndipo ngati injini yapsadi ndiye nkhani ina.

Ndinati anapendeketsa ndi anzanu omwe. Anatulutsa pepala lija. Anati apa palembedwa kuti tsiku loika anali bwinobwino, ndipo bambo anasayina, ndiye kuti mwasuntha nokha.

Ndinati dikirani, ndili ndi umboni. Ndinamuonetsa choko chija. Miyendo inali itatuluka m'mizere yanga ndi zala ziwiri. Ndinkati aona kuti makinawo ayenda okha chifukwa chogwedezeka. Munthuyo anagwada, anatulutsa foni yake, anajambula bwinobwino, nati, "Mwaona, Gogo? Asunthadi."

Choko changa chomwe, chogula ndekha, chasanduka mboni yawo.

Tiyeni tiganize pamodzi. Ine wa zaka 66, wa nyamakazi m'mawondo, ndasuntha makina odzaza madzi omwe amuna atatu anatuluka nawo thukuta ali opanda kanthu? Kapena a Chisale, omwe akayenda kuchokera kunyumba kufika pageti amaima kawiri kuti apume? Ndipo tinkapita nawo kuti? Ulendo wa zala ziwiri? Katoni yonyowayo ikadali kunsi kwa mwendo, ili ndi dzina la kampani yawo. Nayonso ndinaiika ndine?

Ndinaimbanso ku ofesi mmisiriyo ali pomwepo. Ndinafunsa za mawu omwe wogulitsa analemba onena za simenti yotsetsereka. Mayi wa mawu okoma anati wogulitsayo ali pa tchuthi. Ndinamukumbutsa kuti ndi iye mwini anandiuza kuti ndisazimitse. Anati sakukumbuka. Ndinamuwerengera tsiku ndi nthawi. Anati kompyuta ikungoonetsa pepala losayinidwa, ndipo iye sangatsutse siginecha.

Atachoka mmisiriyo ndinapita kuseri kwa nyumba komwe a Chisale akhala akubisala sabata yonseyi. Sindinama, ndinawakalipira, ndipo mawu ena ndikuchita nawo manyazi. Anandisiya mpaka nditatopa.

Kenako anati, "Anambewe, ine ndinaona. Asanachotse n'komwe zingwe zomangira makinawo ndinadziwa kuti mwendo wakutsogolowo ukufunika kuutalikitsa. Njanji za ngolo pansi paja ndinkayala ndine. Diso langa silifuna levulo."

Ndinati, "Nanga munasayiniranji, bambo?"

Anatsokomola, nati, "Wachipewa uja anandiitana kuti madala, sayina lapha, aziko ndaba. Anandiika cholembera m'manja. Dzanja linapita lokha."

Aziko ndaba. Ndiye kuti sayina apa, palibe vuto, m'Fanakalo, chilankhulo chawo chija cha pansi mu mgodi. Anandiuza kuti zaka zonse 27 sanamuuzepo munthu wa chipewa choyera kuti walakwa. Pepala likabwera umasayina, apo ayi kontilakiti yatha, ubwerere kumudzi chimanjamanja. Anati atangoona chipewacho ndi pepalalo anadzimva ngati ali pa mzere wa ku mgodi, ali ndi zaka makumi awiri.

Ndiye mundiuze kuti wachipewa uja sankadziwa chomwe akuchita. Wakulira m'tauni ya migodi. Amawadziwa amadala athuwa. Ndi ine ankalankhula Chizungu chosakaniza ndi Chitswana. Fanakalo anaisungira a Chisale, pomwe ine ndinali nditatembenuka. Ndipo m'bale wanga wa ku Mangochi anali pomwepo, anamva ndikukana kusayina m'Chichewa chomveka bwino. Ngati uli pagulu lino, mwana wanga, ukudzidziwa. Sindikufuna ntchito yako. Ndikufuna unene zomwe unaona.

Kwa inu a kampani, popeza ndikudziwa kuti wina akutumizirani izi, ndiyankheni. Wogula ndi Nambewe, dzina pa lisiti ndi langa, nanga siginecha ya munthu wina mwaitenga bwanji? Levulo yomwe mzere wachisanu ndi chiwiri ukunena inali iti, poti wanu anati ili m'galimoto ina? Ngati munabwera n'kutchera miyendo, katoniyo ikutani kunsiko? Bwerani mutenge makinawa mukakonze pa galanti, muabweze, muapotokole miyendo ine ndikuona kathovu kali pakati. Palibe chomwe ndakhudza. Ngakhale kusesa pakonapo sindikusesa.

Amayi anzanga okwatiwa ndi amadala a ku mgodi, mundimve. Pakhomo pakabwera munthu wa mapepala, kaya wa magetsi, kaya wa inshuwalansi, kaya woika chilichonse, musawasiye okha bambo ngakhale mphindi imodzi. Si kupusa ayi. Amuna anga amawerenga Baibulo ndi nyuzipepala kuposa ine. Ndi dzanja lomwe linaphunzitsidwa kale.

Lolemba 8 koloko ndidzakhala pakhomo pa ofesi yawo. Ndinkati ndipita ndekha, koma m'mawa uno a Chisale andiuza kuti ndiwasitire jekete la kutchalitchi. Akuti akalankhula okha. Ndawafunsa kuti mukanena chiyani, poti siginecha ndi yanu. Akuti akanena kuti anasayinira bodza.

Mkulu wa mpingo wa zaka 71, wopuma movutikira, akwere matekisi awiri kuti akaime pamaso pa anthu a msinkhu wa zidzukulu zake n'kuvomera kuti ananama, chifukwa munthu wanu anachita ulesi kugwira sipanala. Muwakonzere mpando. Ndipo asawadule mawu aliyense, amalankhula pang'onopang'ono.